Mayi amene wathera zaka 30 akufufuza mankhwala a khunyu

Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani ya pakhomo pathu.

Mwana wa achemwali anga anadwala malungo ali ndi zaka zitatu. Usiku wachiwiri anayamba kuuma khosi, maso kutembenuka, manja ndi miyendo kugwedezeka, kenaka osadziwanso kanthu. Alamu anga anamuthamangitsira kuchipatala pa njinga, mayi ake atamufungata kumbuyo. Anatsitsimuka patapita masiku awiri ndipo tonse tinathokoza Mulungu, tinkati zatha. Patadutsa chaka ndi miyezi, tsiku lina mayi ake akuphika nsima, mwana uja anangogwa pafupi ndi mafuwa, thovu kukamwa, mkono pamakala. Chipsera chake chilipo mpaka lero. Pamudzi panamveka zambiri. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi za kumtundu kwa bambo ake. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine, amene anaganizako za malungo aja.

Titakamba za khunyu pa wailesi mwezi wathawu, bambo ena anatiimbira foni n'kufunsa kuti: kodi mapiritsi a kuchipatala aja amathandizadi, kapena amangogonetsa munthu? Funso limeneli linandikhala pamtima. Pofufuza yankho lake ndinakumana ndi dzina limodzi kangapo konse, dzina la Dokotala Gretchen Birbeck. Mayiwa ndi a ku America, katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha, koma ntchito yawo yambiri aigwirira ku Zambia ndi ku Blantyre. Mafunso amene akhala akulimbana nawo ndi omwewo amene ife timafunsa: khunyu imachokera kuti, mankhwala ake ndi ati, ndipo mankhwalawo amachita chiyani akalowa m'thupi la munthu wa kumudzi amene akudwalanso malungo kapena akumwa ma ARV.

Anayambira ku chipatala cha kumudzi

M'chaka cha 1994 a Birbeck anafika pa chipatala cha Chikankata, cha mpingo wa Salvation Army, kufupi ndi Mazabuka kumwera kwa Zambia. Ndi dera la alimi a chimanga ngati kwathu kuno, kumene anthu amaphikira pamoto wa nkhuni ndi kutunga madzi pachitsime. Kumeneko anaona chinthu chimene anamwino athu amachidziwa bwino. Munthu wa khunyu sabwera kuchipatala chifukwa cha khunyu. Amabwera chifukwa wapsa, wathyoka, kapena amuvuula m'madzi. Akamumanga bala amabwerera kwawo, matenda enieniwo osatchulidwa n'komwe.

Atamaliza maphunziro a ukatswiri kwawo sanaiwale za ku Chikankata. Anabwererako n'kutsogolera gulu la anthu a m'deralo losamalira odwala khunyu. Gululi linayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu pafupifupi 55,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004: mwa anthu 1,000 alionse, 14 kapena 15 anali ndi khunyu. Tawerengani nokha anthu a m'mudzi mwanu ndi midzi iwiri yoyandikana nayo. Ngati mukudziwa wodwala mmodzi yekha, ndiye kuti ena akubisidwa m'nyumba.

Mu 2007 iwo ndi madokotala a ku Zambia anatulutsa kafukufuku wina woyerekeza moyo wa odwala khunyu ndi wa anthu odwala matenda ena okhalitsa. A khunyu anapezeka kuti anaphunzira pang'ono, amagona m'nyumba zosalongosoka, chakudya chimawaperewera, ndipo amayi ambiri mwa iwo anagwiriridwapo. Apa ine ndinaima kaye kuwerenga. Tonse tikudziwa mtsikana wina amene anasiyitsidwa sukulu chifukwa aphunzitsi ndi makolo a anzake amaopa malovu ake. Malovu a munthu wa khunyu sapatsira matenda. Mpweya wake supatsiranso.

Kodi piritsi lija limachita chiyani m'mutu?

Tsopano tiyankhe funso la bambo aja. Ubongo wapangidwa ndi timaselo tambirimbiri timene timatumizirana mauthenga ndi timphamvu tating'ono ta magetsi. Pamene munthu ali bwino, timaselo timeneti timayankhulana mosinthana, ngati pamsonkhano pamene mfumu ikupereka mpata kwa mmodzimmodzi. Munthu amagwa pamene gulu lalikulu la timaseloti layamba kukuwa nthawi imodzi. Thupi limauma, limagwedezeka, munthu sadziwa kanthu mpaka phokosolo litatha.

Ubongo uli ndi mabuleki akeake. Madokotala amawatchula ndi zilembo zinayi, GABA. Piritsi loyera lotsika mtengo limene ambiri amalandira, la phenobarbital (pa kapepala ka kuno amalemba fenobarbital), ntchito yake ndi kulimbitsa mabuleki amenewa. Mankhwalawa ndi akale kwambiri. Mu 1912 dokotala wina wa ku Germany, Alfred Hauptmann, ankawapatsa odwala ake kuti azigona usiku, ndipo anadabwa kuona kuti asiyanso kugwa. Choncho bambo aja sananame kwenikweni. Mankhwalawa amabweretsadi tulo, makamaka masabata oyamba, ndipo ana ena amawachititsa kusakhazikika. Koma kuletsa kugwa amaletsadi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 10 a khunyu, 7 angathe kukhala osagwanso ngati apimidwa bwino n'kumamwa mankhwala oyenera tsiku ndi tsiku.

Koma aliyense amene anatsetserekapo ndi njinga itanyamula matumba awiri a chimanga akudziwa kuti mabuleki amafuna nzeru. Ukagwira pang'ono suima. Ukagwira mwamphamvu kwambiri ugubuduka. Mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma nayonso imamva mabuleki omwewo.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Kilifi m'dziko la Kenya. Kumeneko madokotala, motsogozedwa ndi Jane Crawley, anayesa ana 340 odwala malungo a m'bongo. Theka la anawo anawabaya jakisoni mmodzi wa phenobarbital kuti asakomoke pafupipafupi, theka linalo ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2000. Ana obayidwa aja kugwedezeka kunachepadi, koma amene anamwalira anali 18 pa 100 alionse, pamene mwa osabayidwa anali 8. Ngozi inali yaikulu kwambiri kwa ana amene analandiranso diazepam kangapo, chifukwa nayenso amagwira mabuleki omwewo. Ku mayiko olemera mwana wotere amamuika pa makina omupumira. Zipatala zambiri za kuno zilibe makinawo.

Ndikupempheni mumvetse bwino apa. Nkhani ya ku Kilifi ndi ya jakisoni wamphamvu wobayidwa kwa mwana amene wakomoka kale ndi malungo. Si ya piritsi limene m'bale wanu amamwa madzulo alionse. Ameneyo asasiye.

Ku Gulupu

A Birbeck analowa m'gulu la madokotala ofufuza za malungo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambirife timachidziwa kuti Gulupu. Gululi linali lodziwika kale. A Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor ndi amene anakonza, mu 1989, njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre m'zipatala za m'mayiko ambiri. Chidwi cha ambiri nthawi imeneyo chinali pa kupulumutsa moyo. Funso limene a Birbeck anabwera nalo linali lakuti: nanga ana amene apulumukawo, zimawathera bwanji akapita kwawo?

Anatsatira ana 132 amene anachira malungo a m'bongo, n'kumawayerekeza ndi ana 264 amene anagonekedwa m'chipatala chomwecho koma osakomoka. Ankawayendera kwa chaka ndi kupitirira. Mu 2010 anatulutsa zimene anapeza. Mwa ana 132 aja, 12 anayamba kudwala khunyu. Mwa 264 aja, panalibe ndi mmodzi yemwe. Kuphatikiza ndi mavuto ena, monga kulephera kuyankhula bwino, kufooka kwa mkono kapena mwendo, ndi kusintha khalidwe, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto. Ndipo khunyuyo siyamba tsiku lotuluka m'chipatala. Imatha kudikira miyezi ingapo, makolo ataiwala kale za malungo aja.

Nditawerenga pamenepa ndinapita kwa achemwali anga. Anangokhala chete, kenaka anati, "Ndiye kuti apongozi aja tinawanamizira." Sindikunena kuti khunyu yonse imachokera ku malungo. Ina imayamba chifukwa mwana anavutika pobadwa, ina chifukwa cha kuvulala m'mutu pangozi ya njinga yamoto, ina chifukwa cha mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba amene amakakhazikika m'bongo. Koma kuno ku Zambezia, kumene udzudzu sutipatsa mpata, malungo sitingawachotse pa mndandanda.

Kafukufuku yemweyo anaonetsa zinthu ziwiri zimene zinkasiyanitsa ana odzadwala khunyu ndi anzawo: thupi lawo linatentha kwambiri pamene anali m'chipatala, ndipo anagwedezeka pa nthawi ya malungoyo. Ntchito ya a Birbeck ya zaka zotsatira inatsamira pa ziwirizi.

Anali nawonso m'gulu limene linajambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI pa chipatala chomwecho, pamodzi ndi a Karl Seydel ndi katswiri wa ku Malawi wowerenga zithunzi za m'thupi, a Sam Kampondeni. Mu 2015 anaonetsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma.

Mankhwala ena, odzera pa kapaipi ka m'mphuno

Vuto linali loonekeratu. Kugwedezeka kumawononga ubongo, koma mankhwala oletsa kugwedezekawo angathe kuimitsa kupuma. A Birbeck anaganiza zoyesa mankhwala ena otchedwa levetiracetam, amene kwawo anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1999 ndi 2000. Amenewa sagwira mabuleki aja a GABA. Amachepetsa mauthenga pamene akutuluka m'timaselo, choncho savutitsa kupuma ngati phenobarbital. Koma a jakisoni ake anali okwera mtengo. Iwo anayesa amadzimadzi, akumwa, kudzera pa kapaipi kolowa m'mphuno mpaka m'mimba, kamene anamwino amagwiritsa ntchito kale podyetsa mwana wokomoka.

Poyamba anafufuza ngati mankhwalawo amalowadi m'magazi a mwana wodwala chotere, ndiponso muyezo wake. Kenaka anayerekeza ana 44, ena pa mankhwala atsopanowa, ena pa chithandizo cha nthawi zonse. Pamutu pa mwana aliyense ankamata timawaya toyeza magetsi a m'bongo, chifukwa mwana wokomoka amatha kumagwedezeka m'kati, kunja thupi lili zii. Zotsatira zinatuluka mu 2019. Njira zonse ziwiri zinaletsa kugwedezeka mofanana, koma ana a levetiracetam anakumana ndi zovuta zochepa. Ana 44 ndi ochepa, ndipo eni akewo sanabise zimenezi. Mu 2023 bungwe la WHO linaika levetiracetam pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo, litaona maumboni ochokera kumalo ambiri.

Kenaka anatembenukira ku kutentha kwa thupi. Kafukufuku ameneyu anachitikira ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Chipata, pa ana 256. Gulu lina linkapatsidwa paracetamol, amene timamutcha panado, pokhapokha thupi likatentha kufika pa 38.5, monga mwa masiku onse. Gulu lina linkapatsidwa panado ndi ibuprofen maola 6 alionse kwa masiku atatu, osadikira kuti thupi litenthe. Mu 2024 analengeza kuti ana a gulu lachiwirili thupi lawo silinatenthe kwambiri, ndipo amene anagwedezeka mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali anali ochepa. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti mankhwala ake si achilendo, ndi omwewa timawaona pa msika. Koma chonde amayi, musakayese zimenezi kunyumba. Anawo anali m'chipatala, akulandira mankhwala a malungo, magazi ndi impso zawo zikuyezedwa. Ibuprofen angathe kuwononga impso za mwana amene watha madzi m'thupi. Ndipo panado amaziziritsa thupi chabe, sapha tizirombo ta malungo.

Inu amene mukumwa ma ARV

Gawo ili ndi lanu, ndiponso la amayi amene ali pa kulera. Mankhwala akale a khunyu, phenobarbital, carbamazepine ndi phenytoin, amafulumizitsa chiwindi. Chiwindi chikafulumira chimachotsa msanga mankhwala ena m'magazi asanamalize ntchito yawo. Munthu amamwa ma ARV ake mokhulupirika, osadumphitsa, koma mphamvu yake m'magazi n'kukhala yochepa, kachirombo n'kupeza mpata wochulukana ndi kuzolowera mankhwalawo.

A Birbeck anaona kuti ku Zambia zimenezi zikuchitika mwakachetechete, popeza wodwala amalandira ma ARV pa khomo lina, mankhwala a khunyu pa khomo lina, ndipo makomo awiriwa sayankhulana. Anatsogolera gulu la akatswiri a mayiko osiyanasiyana limene mu 2012 linatulutsa malangizo a momwe dokotala angasankhire mankhwala a khunyu kwa munthu amene ali ndi HIV. Ma ARV asintha kuchokera nthawi imeneyo. Ambiri tsopano amamwa amene muli dolutegravir, koma nayenso amachepa mphamvu akakumana ndi mankhwala atatu aja, moti nthawi zina achipatala amasintha muyezo kapena mtundu wa mankhwala. Mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono nazonso zimafooka chimodzimodzi.

Choncho mukapita kukatenga mankhwala, nyamulani mapepala onse ndi timatumba tonse. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa ambiri timalandira chithandizo china kuno ndi china ku Malawi, ndipo namwino wa uko sangalote zimene wa kuno analemba. Musachite manyazi kunena. Ndipo musasiye nokha mankhwala ena alionse mwa awiriwa.

Zafika pati kwathu kuno?

Mutu umodzi susenza denga. Pa zolemba za a Birbeck pamakhala maina a madokotala a kuno ku Africa, monga a Elwyn Chomba ndi a Edward Mbewe a ku Zambia ndi a Yamikani Chimalizeni a ku Malawi. A Birbeck anaphunzitsa pa yunivesite ya Michigan State, ndipo mu 2013 anasamukira ku ya Rochester, koma kafukufuku wawo anapitirira kuchitikira kuno. Mfundo imene akhala akuikankhira patsogolo ndi yakuti khunyu isadikire katswiri wa mumzinda. Namwino kapena wothandiza dokotala wa pachipatala chaching'ono, akaphunzitsidwa bwino, angathe kuizindikira ndi kupereka mankhwala. Dziko lathu la Mozambique linatenga njira yofananayo mu 2014, pamene unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi WHO unayamba kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma ena, a ku Zambezia ali m'gulumo.

Koma ndinene maganizo anga. Nzeru zayenda msanga kuposa mapiritsi. Gulu lomweli litayendera malo ogulitsira mankhwala ku Zambia, linalemba mu 2010 kuti pafupifupi theka analibe mankhwala a khunyu a mtundu uliwonse. Chimodzi mwa zifukwa chinali malamulo okhwima osungira phenobarbital, amene ankachititsa ogulitsa ena kungowasiya. Ife zimenezi tazilawa. Chaka chatha achemwali anga anayenda ulendo wa maola atatu kukatenga mapiritsi a mwana uja n'kupeza atha. Anauzidwa kuti adzabwere sabata yamawa. Pa tsiku lachinayi mwana anagwa katatu usiku umodzi. Umu ndi momwe phenobarbital alili: ubongo ukazolowera mabuleki aja n'kuwachotsa mwadzidzidzi, kugwa kumabwera mwamphamvu kuposa kale, ndipo kungathe kupha. Kuyambira pamenepo amapita kukatenga ena kutatsala masiku 10 kuti akalewo athe, ngakhale kukhale kokolola nandolo.

Pa za malungo, boma linayamba kupereka katemera wa malungo mu Ogasiti 2024, ndipo linayambira kuno ku Zambezia. Mwana amafunika kubayidwa kanayi, ndipo katemerayu salowa m'malo mwa neti. Mwana akatentha thupi, akayezedwe tsiku lomwelo kwa a APE a m'mudzi mwanu kapena kuchipatala. Akayamba kugwedezeka, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa kapena kusadzuka, musadikire kuti kuche. Ndipo mwana amene anachira malungo a m'bongo muzimuyang'anira miyezi yotsatira. Mukaona akungoti duu kwa kanthawi osayankha, mkono umodzi ukugwedezeka wokha, kapena wakodza pogona ataluma lilime, kauzeni achipatala ndipo mutchule za malungo aja.

Munthu akagwa pamaso panu, musathawe. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni nsalu kumutu, ndipo kugwedezeka kukachepa mumugoneke chammbali kuti malovu atuluke. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamupanikize. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, pezani njinga msanga. Amene anapsapo ndi moto nayenso mankhwala amamugwira bwinobwino, zija amanena kuti wakupsa sachira si zoona.

Mwana wa achemwali anga ali kalasi yachitatu tsopano. Amamwa piritsi lake madzulo akatha kudya, ndipo papita miyezi 11 asanagwe. Kuchitsime sapita yekha. Poothera moto malo ake ndi kumbuyo kwa agogo ake, ndipo amadandaula tsiku lililonse kuti kumeneko sikufika kutentha.